Kusaka zolakwika musanasindikize: zomwe sikirini imabisa ndi zomwe pepala limaulula

Aliyense amene amakonza zinthu zokasindikiza amazidziwa izi. Fayilo mwaiwerenga kasanu pa kompyuta, mwakhutira nayo, mwaitumiza. Makatoni akafika kuchokera kosindikiza, tsamba loyamba lomwe mwatsegula likukuonetsani chilembo chosowa, pamutu penipeni pa nkhani. Cholakwikacho chinali pomwepo masiku onsewo, ndipo maso anu anadutsapo kasanu konse.

Pano titenga chitsanzo cha kabuku ka A5 ka masamba 16, ka mawu a Chichewa, kokhala ndi chikuto chojambulidwa pa kompyuta, monga timabuku tomwe mipingo, masukulu ndi mabungwe amasindikiza. Njira zake ndi zomwezo pa positala, kalendala kapena khadi la ukwati.

## Chifukwa chake maso amatinamiza

Powerenga, diso siliyenda mosalala pamzere. Limadumpha, n'kuima pafupifupi kota ya sekondi, n'kudumphanso, ndipo timawu tatifupi monga ndi, wa, ku, pa kawirikawiri silitiyang'ana n'komwe. Mipata yotsalayo ubongo umaidzaza ndi zomwe ukuyembekezera. Wolemba nkhani ndiye amanamizika kwambiri, poti chiganizo amachidziwa asanafike kumapeto kwake: amawerenga zomwe ankafuna kulemba m'malo mwa zomwe zili patsamba. Wojambula nayenso akakhala maola 6 pa nkhope imodzi, diso lopendekeka limayamba kuoneka labwinobwino. Paja anyani amasekana zikundu. Cholakwika cha mnzanu mumachiona msanga chifukwa ntchito yake ndi yachilendo kwa inu.

Pepala limathandiza makamaka pa chifukwa chomwechi: limasintha maonekedwe a ntchito yomwe munaizolowera pa sikirini. Palinso kawerengedwe. Pa foni ndi pa kompyuta tinazolowera kumwaza maso n'kumatsetsereka kupita m'munsi. Mu 2018 akatswiri a ku yunivesite ya Valencia ku Spain ndi anzawo anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 54 wokhudza anthu oposa 170,000, ndipo anapeza kuti nkhani zophunzitsa anthu amazimvetsa bwinoko papepala, makamaka nthawi ikakhala yochepa. Iwo ankayeza kumvetsa nkhani, koma wosaka zolakwika amafunikanso kudekha komweko.

Izi sizikutanthauza kuti pepala limapambana pa zonse. Pali zolakwika zomwe pepala silingakuonetseni mpaka ndalama zitapita, ndipo kompyuta imazipeza m'masekondi. Choncho ntchitoyi iyambire pa sikirini, ipite papepala, kenako ibwererenso pa sikirini.

## Mawu: yambani ndi zomwe kompyuta imachita bwino

Musanawononge inki, tsegulani bokosi losakira mawu. Mu Word ndi Ctrl+H. Sakani mipata iwiri yotsatizana n'kuisandutsa umodzi, ndipo bwerezani mpaka itatha. Sakani mpata wokhala kutsogolo kwa mpatuliro (,) kapena mpumiro. Kenako sakani mawu obwereza: kuti kuti, ndi ndi, pa pa, wa wa. Amenewa amabisala kwambiri pomwe liwu loyamba lili kumapeto kwa mzere ndipo lachiwiri lili koyambirira kwa mzere wotsatira. Dinani Ctrl+Shift+8 mu Word, kapena Ctrl+Alt+I mu InDesign, kuti zizindikiro zobisika zionekere. Mudzaona pomwe wina anakankha mawu ndi mipata m'malo mogwiritsa ntchito tab.

Makina oona masipelo pa Chichewa ndi mdani. Amalemba mzere wofiira pansi pa liwu lililonse mpaka maso amasiya kuona mizereyo, ndipo AutoCorrect imasintha mawu mwakachetechete kuti afanane ndi a Chingerezi. Zimitsani zonse ziwiri. Zimitsaninso kadulidwe ka mawu kodzichitikira kumapeto kwa mzere, chifukwa kamatsata malamulo a Chingerezi n'kutulutsa zinthu monga kum-buka kapena chit-ukuko. M'Chichewa phatikizo limathera pa lembo la liwu, kotero timadula ku-mbu-ka, chi-tu-ku-ko, ndipo ng' sadulidwa.

Nkhodolero ifunika kuisaka payokha. Ng'oma ndi ya gule, ngoma ndi nyama ya m'tchire, ndipo kusiyana kwake ndi kachizindikiro kamodzi komwe pa sikirini ya laputopu kamaoneka ngati fumbi. Mawu otengedwa m'mafayilo a anthu osiyanasiyana amabwera ndi nkhodolero za mitundu itatu: yowongoka, yopindikira kumanja ndi yopindikira kumanzere. Sankhani imodzi, yofanana ndi 9 wamng'ono, n'kusintha zonse. Ngati kabukuko kali ndi chilembo cha ŵ, chikulitseni muone: mafonti ambiri okongoletsera alibe chilembochi, ndipo pulogalamu imabwereka cha fonti ina kapena kuika kabokosi kopanda kanthu.

Lembani papepala lapadera kalembedwe komwe mwasankha, n'kusaka mtundu winawo: m'mudzi kapena mmudzi, tchalitchi kapena tchalichi, pa mtunda kapena pamtunda. Kumbukiraninso lamulo la l ndi r, loti r amabwera pambuyo pa e ndi i: kulira, kulera, koma kulola, kulula. Anthu atatu akalemba kabuku kamodzi, kalembedwe kamakhala katatu, ndipo ndi kusaka kwa kompyuta kokha komwe kamagwira onse.

Ngati pulinta palibe, sinthani maonekedwe a nkhaniyo m'fayilo ina: fonti ya Courier New, kukula 14, mizere yotalikirana, danga lopapatiza. Mizere ikaduka malo atsopano, ubongo umasiya kuloweza. Kuitumiza pa foni n'kuiwerenga pamenepo kumathandizanso. Koma izi n'zongogwirizira.

## Mawu papepala

Sindikizani PDF yomwe mudzatumize kosindikiza, osati fayilo ya Word. Pa bokosi losindikizira sankhani Actual size kapena 100%. Mukasiya pa Fit, tsamba limasintha kukula ndipo simudziwa kukula kwenikweni kwa zilembo. Apa ndi pomwe ambiri amadzidzimuka: mawu omwe amaoneka aakulu bwino pa sikirini, atakulitsidwa kufika 150%, papepala ndi tinyerere. Nkhani yowerenga anthu wamba ikhale pa 10 mpaka 12 pt (muyezo wa kukula kwa zilembo), ndipo ngati owerenga ambiri ndi achikulire, musatsike pa 12.

Ngati nthawi ilipo, pepalalo ligone. Mawa lake tengani lula ndi cholembera chofiira. Lula muike pansi pa mzere womwe mukuwerenga kuti ibise mizere ya m'munsi, ndipo nsonga ya cholembera iziyenda phatikizo ndi phatikizo. Werengani motulutsa mawu, ngakhale monong'ona. Pakamwa pamakhumudwa pomwe diso ladutsa. Mawu a Chichewa ndi aatali ndipo maphatikizo ake amafanana, kotero akuluakulu amasanduka akulukulu, anawalimbikitsa amasanduka anawalimbitsa, diso osadandaula. Cholakwika chilichonse chilembeni kawiri, pa liwu lenilenilo ndi m'mphepete mwa tsamba, chifukwa kadontho kofiira pakati pa mawu kamasowa pokonza.

Musasake zonse nthawi imodzi. Ulendo woyamba werengani kuti mumve ngati nkhani ikumveka. Ulendo wachiwiri yambani ndi chiganizo chomaliza kubwerera m'mbuyo, chimodzichimodzi, kuti nkhani isakukokeni. Apa mukuyang'ana zilembo zokha. Pakatha mphindi 20 kapena 30 imirirani, chifukwa kupitirira pamenepo mumangoyendetsa maso.

Pa ulendo wachiwiriwu samalani zinthu ziwiri zomwe zimasintha tanthauzo liwu n'kukhalabe lolondola. Choyamba ndi h: phala ndi pala, khola ndi kola. Chachiwiri, choopsa kwambiri, ndi kukana. M'Chichewa kukana ndi zilembo ziwiri zobisala m'kati mwa liwu. Musamwe akataya sa amakhala mumwe, sindidzabwera akataya si amakhala ndidzabwera. Pa kapepala ka mankhwala kapena ka malangizo a ulimi, zilembo ziwirizo ndi moyo wa munthu. Vutoli ndi lakale: mu 1631 osindikiza a mfumu ku London, Robert Barker ndi Martin Lucas, anatulutsa Baibulo lomwe pa Eksodo 20:14 linasiya liwu lokana, lamulo loletsa chigololo n'kusanduka lolamula. Analipitsidwa mapaundi 300. Mukamaliza kuwerenga, bwererani pa malangizo onse oletsa n'kuloza sa aliyense ndi cholembera.

Ulendo wachitatu ndi wa zonse zomwe si nkhani: mitu, mawu a pansi pa zithunzi, manambala a masamba, zam'katimu, chikuto. Zilembo zikuluzikulu ndi zomwe zimapulumuka kwambiri, poti aliyense amaganiza kuti cholakwika chachikulu chotero wina anachiona kale. Mutu uwerengeni chilembo ndi chilembo. Tizilembo tating'ono natonso timapulumuka: ndalama ya pepala ya madola 50 ya ku Australia yomwe inatuluka mu Okutobala 2018 inali ndi liwu losowa chilembo chimodzi m'timawu take tating'onoting'ono, ndipo zinadziwika mu Meyi 2019 zokwana 46 miliyoni zili kale m'manja mwa anthu.

Manambala sawerengedwa, amayerekezedwa ndi gwero lake. Tsiku ndi deti muzione pa kalendala, chifukwa fayilo yotengera ya chaka chatha imasiya Loweruka pa deti lomwe chaka chino ndi Lamlungu. Nambala ya foni iimbeni kuchokera papepalalo. Mitengo ndi nambala za akaunti muchite awiri, wina akutchula kuchokera pa chikalata choyambirira, wina akulondola pa chosindikizacho; K15,000 ndi K150,000 amasiyana ziro mmodzi. Mavesi a m'Baibulo atseguleni. Mayina a anthu afunseni kwa eni ake.

Pomaliza dulani mapepalawo n'kuwapinda kukhala kabuku. Kabuku komanga ndi sitepulo pakati kamafuna masamba ogawika ndi 4: 12, 16, 20. Mukakapinda mudzaona zomwe sikirini, yoonetsa tsamba limodzilimodzi, singakuonetseni: mutu womwe watsala wokha pansi pa tsamba, chithunzi chomwe nkhope yake yagwera pa mpindiro, mizere ya masamba oyang'anizana yosalingana.

## Chojambula

Zolakwika za chojambula zili mitundu iwiri, ndipo zimasakidwa mosiyana. Za kamangidwe zimaoneka mukatalikira. Za ukhondo zimaoneka mukayandikira.

Pa kamangidwe, chida choyamba ndi kutembenuza chithunzi, kumanzere kupite kumanja. Leonardo da Vinci ankalangiza ojambula kuti aziona ntchito yawo pa galasi, kuti ioneke ngati ya munthu wina. Mu pulogalamu yojambulira ya Krita dinani M. Mu Photoshop pitani pa View kenako Flip Horizontal. Nsagwada yopendekeka, diso lokwera kuposa linzake, munthu wooneka ngati akugwera mbali imodzi, zonse zimatumphuka nthawi yomweyo. Muzitembenuza kuyambira pa sikechi, mphindi 15 kapena 20 zilizonse, chifukwa kukonza chigaza mutapaka kale mitundu n'kujambulanso. Tembenuzani maonekedwe okha, osati chinsalu chenichenicho, kuopa kutumiza chikuto chokhala ndi mawu owerengeka chafutambuyo.

Kenako chepetsani chithunzicho chikhale ngati bokosi la machesi. Ngati pa kukula kumeneko simukuzindikira chomwe chikuchitika, vuto lili pa kayalidwe, ndipo kukongoletsa tsitsi sikungalithetse. Ikani layer (gawo losanjikiza la chithunzi) yakuda pamwamba pa zonse n'kuisintha kukhala Color kuti mitundu ichoke. Chofiira ndi chobiriwira zimasiyana bwino pa sikirini, koma zikatuwa zimatha kukhala mthunzi umodzi, ndipo mutu wofiira pa udzu wobiriwira papepala suwerengeka patali. Funsaninso mafunso achibwana: zala ndi zingati, dzuwa likuchokera kuti ndipo mithunzi yonse ikugwera mbali imodzi kodi, chitenje chili ndi maluwa omwewo pa tsamba 3 ndi pa tsamba 9?

Pa ukhondo, ikani pa 100% n'kusesa chithunzi chonse m'mizere, kuyambira ngodya ya kumanzere kumwamba, monga mmene mumapalira munda. Kukulitsa kufika 400% n'kutaya nthawi pa zinthu zomwe pulinta sidzazionetsa. Timadontho totsala pofufuta timabisala pa malo oyera: ikani Stroke yofiira ya ma pixel 5 pa layer imeneyo ndipo kadontho kalikonse kadzatupa n'kuonekera. Kokerani Levels kumapeto onse awiri kwa kanthawi kuti muone mabala otuwa pa malo omwe mumayesa oyera, komanso m'mphepete mwa bokosi lakuda lomwe silikufanana ndi kuda kozungulira. Yang'anani kamzere koyera pakati pa mzere wakuda ndi mtundu wothiridwa ndi chida cha ndowa. Kamabwera chifukwa m'mphepete mwa mzere ndi mosalala, ndipo kamatha mukakulitsa malo osankhidwa ndi ma pixel 2 musanathire mtundu. Onaninso kuti layer ya sikechi yazimitsidwa.

## Zomwe zimasintha pakati pa kuwala ndi inki

Sikirini ndi nyale: imapanga mitundu posakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, zomwe timati RGB. Pepala lilibe kuwala kwake, limangobweza komwe kwaligwera, kudzera mu inki zinayi za CMYK (C ya buluu, M ya pinki, Y yachikasu, K yakuda). Mitundu ina yowala inki siingathe kuifikira. Buluu wowala amazilala kapena kupendekera ku pepo, chobiriwira chonyezimira chimakhala ngati masamba ofota, olenji amachita dothi. Mu Photoshop ndi mu Krita dinani Ctrl+Y kuti muone chifaniziro cha mmene zidzatulukire, ndipo Ctrl+Shift+Y imaphimba malo omwe mtundu wake sungasindikizike. Funsani osindikiza muyezo wa mitundu (colour profile) womwe amagwiritsa ntchito, chifukwa pepala lonyezimira ndi pepala wamba zimamwa inki mosiyana.

Dandaulo lofala kwambiri ndi lakuti chithunzi chatuluka chakuda. Kawirikawiri wolakwa ndi sikirini yanu. Sikirini zambiri zatsopano zimawala kufika 250 cd/m² kapena kuposa, pomwe ntchito yokasindikiza imafuna pafupifupi 120. Mulibe chida choyezera? Tsegulani tsamba loyera, gwirani pepala loyera pambali pake m'chipinda chowala bwino, n'kutsitsa kuwala kwa sikirini mpaka ziwirizo zitayandikana. Zimitsaninso Night light, yomwe imathira chikasu pa zonse.

Chinanso, kadontho ka inki kakagwera papepala kamatupa, makamaka pa pepala losanyezimira ndi la nyuzipepala, ndipo mithunzi yapakati imada. Izi zimapweteka kwambiri nkhope za anthu akuda. Pa sikirini mphuno, masaya ndi maso zimasiyana bwino, koma papepala zimaphatikana kukhala banga limodzi. Walitsani mithunzi yapakati pa nkhope ndi Curves kuposa mmene diso likufunira pa sikirini, ndipo onetsetsani kuti pamphumi ndi pamasaya pali powala.

Kuda kuli mitundu iwiri. Mawu ang'onoang'ono akhale K100 yokha, inki imodzi. Kuda kwa RGB kukasandulika CMYK kumatuluka ngati C75 M68 Y67 K90, inki zinayi zosanjikizana, ndipo makina akaphonya ndi kachigawo ka milimita, chilembo chilichonse chimakhala ndi mthunzi wofiira kapena wa buluu. Malo aakulu akuda, monga kumbuyo kwa chikuto, K100 yokha imatuwa. Pamenepo ikani C60 M40 Y40 K100. Mukaphatikiza manambala anayiwo asapitirire 300 pa pepala lonyezimira, kapena pafupifupi 240 pa la nyuzipepala, apo ayi inki siuma ndipo imadetsa tsamba loyang'anizana nalo. Pa sikirini kuda konseku kumaoneka chimodzimodzi. Mu Acrobat Pro tsegulani Output Preview n'kuzimitsa inki yakuda: mawu onse ang'onoang'ono ayenera kusowa. Otsala ndi olakwika.

Pomwepo yatsani Overprint Preview. Mawu oyera kapena logo yoyera yoikidwa pa overprint (kusindikiza inki pamwamba pa inzake osachotsa ya pansi) imaoneka bwino pa sikirini, koma papepala siituluka n'komwe, poti choyera si inki. Mawu oyera pa malo akuda asachepere 8 pt ndipo fonti yake isakhale ya timiyendo toonda, chifukwa inki yotupa imatitseka. Mizere isaonde kuposa 0.25 pt.

Pa kuchuluka kwa ma pixel, muyezo wa chinthu chogwira m'manja ndi 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) pa kukula komwe chidzasindikizidwe. Tsamba la A4 limafuna 2480 x 3508. Chikuto cha kabuku kathu, kutsogolo ndi kumbuyo pamodzi ndi bleed (3 mm yopitirira kunja kwa mzere wodulira mbali iliyonse), ndi 302 x 216 mm, kutanthauza 3567 x 2551. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimachepetsedwa kufika ma pixel pafupifupi 1600 m'litali, omwe pa 300 dpi ndi masentimita 13.5 okha; pa foni chimaoneka chakuthwa, pa chikuto chimachita chimbuuzi. Uzani wotumiza achitumize ngati document. Kulemba 300 m'bokosi la resolution sikubweza zomwe zinatayika, ndipo chithunzi cha 300 dpi mukachikoka kukula kawiri patsamba chimatsala ndi 150. Chikwangwani chachikulu choonera patali ndi nkhani ina, 100 dpi imakwana.

Mpeni wodulira mapepala suyenda ndendende pamzere. Chithunzi kapena mtundu wofika m'mphepete upitirire ndi 3 mm kunja kwa mzere wodulira, ndiye bleed imeneyo, ndipo mawu akhale 5 mm m'kati. Popanda bleed, makope ena amatuluka ndi kamzere koyera m'mbali.

Pulinta ya mu ofesi ikuuzani zoona pa kukula kwa zilembo, kayalidwe ndi kusawoneka bwino kwa chithunzi. Pa mitundu musaikhulupirire. Ngati mtundu uli wofunika, monga wa logo ya bungwe, pemphani osindikiza akupatseni kope loyesera pa pepala lenilenilo, ndipo mulionere pafupi ndi windo masana. Osindikiza amaonera pa nyale ya 5000 K; babu lachikasu la m'nyumba limasintha chilichonse.

## Mukakonza

Zolakwika zambiri zatsopano zimabadwa pokonza zakale. Mukasintha liwu limodzi, werengani chiganizo chonse, kenako onani mpaka kumapeto kwa ndime ndi tsamba lotsatira, chifukwa mawu amasuntha ndipo mzere womaliza ukhoza kubisala kunja kwa bokosi lake. Chongani chizindikiro chofiira chilichonse papepala ndi cholembera cha mtundu wina mukachikonza. Ogwiritsa ntchito CorelDRAW asandutse mawu kukhala ma curve ndi Ctrl+Q pomaliza penipeni, m'fayilo yapadera, chifukwa akatero mawuwo sasakikanso kapena kukonzeka. Pa PDF tsegulani Properties kenako Fonts, muone kuti fonti iliyonse yalembedwa kuti Embedded.

Mafayilo muwatchule ndi nambala ndi deti, monga kabuku_v4_0312. Mayina onga final ndi final2 ndi omwe amatumizitsa fayilo yadzana.

Kope loyesera la osindikiza mulipatse munthu amene sanaionepo ntchitoyo, asanauzidwe zomwe zalembedwamo, ndipo awerenge mutu mokweza. Mukasaina kopelo, cholakwika chilichonse chomwe chinalimo chimakhala pa thumba lanu. Ngati pali QR code, ikhale yosachepera 2 cm mbali iliyonse, yakuda pa malo oyera okhala ndi mpata kuzungulira, ndipo muijambule ndi mafoni awiri osiyana kuchokera pa kope lapepalalo musanasaine.